Kugonana ndi udindo pa ntchito za umoyo: zomwe mliri wa Ebola ku Congo unaphunzitsa za utsogoleri

Kuyambira mwezi wa August 2018 mpaka June 2020, madera a North Kivu ndi Ituri, kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, anakanthidwa ndi mliri wa Ebola womwe unagwira anthu oposa 3,400 ndi kupha oposa 2,200. Mabungwe ambiri anathamangirako kukathandiza. Pankafunika anthu ophika, okolopa, alonda, madalaivala komanso oyenda m'midzi kuphunzitsa anthu za matendawa. M'tauni ngati ya Beni, komwe ntchito ndi yosowa, malipiro a madola 50 mpaka 100 pamwezi anali ndalama zambiri, ndipo anthu ankalimbirana mwayiwu.

Mu September 2020, atolankhani a The New Humanitarian ndi Thomson Reuters Foundation anatulutsa nkhani ya amayi 51 omwe anadandaula za amuna ena ogwira ntchito yolimbana ndi mliriwu. Ambiri mwa amayiwa anati anauzidwa kuti ayambe agona ndi mwamunayo kuti alembedwe ntchito, ndipo ena anachotsedwa ntchito atakana. Amayi osachepera 30 anatchula amuna omwe ankati ndi a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Mkulu wa bungweli, Dr Tedros Adhanom Ghebreyesus, anakhazikitsa komiti yoima payokha yotsogoleredwa ndi Aïchatou Mindaoudou wa ku Niger ndi Julienne Lusenge wa ku Congo. Lipoti la komitiyi, lomwe linatuluka pa 28 September 2021, linapeza anthu 83 oganiziridwa kuti anachita nkhanzazi, ndipo 21 mwa iwo anali antchito a WHO. Munali madandaulo 9 a kugwiririra. Amayi 29 anatenga pakati. Wamng'ono kwambiri mwa odandaula anali ndi zaka 13.

Amene anavulala kwambiri ndi amayi ndi atsikanawa, ndipo izi siziyenera kuiwalika. Koma pali chinthu chinanso chomwe chimawonongeka nkhani zotere zikachitika, chomwe ogwira ntchito za umoyo amachidalira tsiku lililonse: mtima womvera mtsogoleri. Munthu wa udindo akasakaniza kugonana ndi mphamvu zake zolemba ntchito, zosankha anthu kapena zolanga, omwe ali pansi pake amayamba kukayikira chiganizo chake chilichonse. Ndipo akuluakulu ake akaimva nkhaniyo n'kuikhalira, kukayikirako kumakwera mpaka kufika pa bungwe lonse.

Ulamuliro umachokera kuti?

M'chaka cha 1959, akatswiri awiri a maphunziro a kaganizidwe ka anthu, John French ndi Bertram Raven, anafotokoza magwero asanu a mphamvu zomwe munthu amakhala nazo pa anzake. Loyamba ndi mpando womwe wakhalapo. Lachiwiri ndi kutha kupereka zabwino, monga kukweza munthu pa ntchito. Lachitatu ndi kutha kulanga. Lachinayi ndi luso lomwe ali nalo. Lachisanu ndi ulemu womwe anthu amamupatsa chifukwa amamusirira ndipo amafuna kufanana naye. Magwero atatu oyambawo amabwera ndi kalata ya udindo. Awiri omalizawo amachokera kwa anthu omwe akutsogoleredwa, ndipo anthuwo akhoza kuwalanda nthawi iliyonse popanda kulemba kalata.

Katswiri wina, Tom Tyler, anafufuza pakati pa anthu a mumzinda wa Chicago chifukwa chomwe anthu amamverera malamulo. Zotsatira zake, zomwe anasindikiza mu 1990, zinaonetsa kuti kuopa chilango sikokwanira. Anthu amamvera kwambiri akaona kuti olamulira amatsata njira zachilungamo, sakondera, amamvetsera komanso amalemekeza anthu.

Mfundoyi ndi yofunika kwambiri pa ntchito za umoyo chifukwa ntchito zambiri zimagwiridwa bwana asakuona. Mlangizi wa za umoyo amapalasa njinga yekha kupita kumudzi wakutali kukachititsa sikelo ya ana. Namwino wausiku ndi amene amadziwa ngati mayi wapakati anamuyezadi pa nthawi yake kapena anangolemba manambala pa pepala. Woyang'anira firiji ya katemera akhoza kuona kazizidwe kake m'mawa ndi madzulo, kapena kungodzaza fomu ya sabata yonse tsiku limodzi. Palibe mtsogoleri amene angakhale paliponse. Ntchitoyi imayenda bwino pomwe antchito akumvera mochokera pansi pa mtima, ndipo mtima umenewu ndi womwe khalidwe la bwana pa nkhani zogonana limayamba kuwononga.

Makhalidwe omwe akukambidwa

Louise Fitzgerald ndi anzake, omwe afufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri ku America, anagawa nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi mawu kapena zochita zonyoza munthu chifukwa ndi wamkazi kapena wamwamuna, monga nthabwala zolaula, ndemanga za thupi la munthu, kapena kunena kuti akazi sangathe ntchito inayake. Gulu lachiwiri ndi kufunsira kosalekeza munthu atakana kale, kumugwiragwira, kapena kumutumizira mauthenga ndi zithunzi zosayenera pafoni. Gulu lachitatu ndi kukakamiza: kulonjeza ntchito, maphunziro kapena alawansi posinthana ndi kugonana, kapena kuopseza wokana.

Mu 2018, bungwe la akatswiri a sayansi la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine ku America linaunika kafukufuku wambiri pa nkhaniyi. Linapeza kuti gulu loyamba ndi lomwe limachitika kwambiri, ngakhale anthu ambiri amalitenga ngati macheza chabe. Linapezanso kuti m'masukulu aukachenjede omwe anaunikidwa, ophunzira udokotala ankakumana ndi nkhanzazi kuchokera kwa aphunzitsi ndi antchito kuposa ophunzira sayansi zina. Zipatala zili ndi zinthu zomwe zimapereka mpata: ntchito yausiku, zipinda zotseka, komanso kusiyana kwakukulu kwa mphamvu pakati pa wamkulu ndi wophunzira yemwe akudikira siginecha yake.

Ena amafunsa kuti, nanga ngati awiriwo agwirizana okha? Akuluakulu awiri ogwira ntchito pamodzi akhoza kukondana, ndipo mabanja ambiri abwino anayambira kuntchito. Vuto limabwera pomwe mmodzi ndi amene amasaina tchuthi, malipiro kapena kontirakiti ya mnzakeyo. Pamenepo kukana kumakhala ndi mtengo, ndipo "inde" wa munthu amene akuopa kutaya ntchito sangafanane ndi "inde" wa munthu womasuka. N'chifukwa chake mu October 2003, mlembi wamkulu wa United Nations, Kofi Annan, anatulutsa lamulo loletsa antchito a bungweli kupereka ndalama, ntchito, katundu kapena thandizo posinthana ndi kugonana, komanso kugonana ndi aliyense wosakwana zaka 18 posatengera malamulo a dziko lomwe akugwiramo ntchito. Lamuloli linabwera potsatira lipoti la mu 2002 lomwe linaulula kuti ena ogwira ntchito zachithandizo m'misasa ya othawa kwawo ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone ankadyera atsikana masuku pamutu pogwiritsa ntchito chakudya ndi katundu wachithandizo.

Zomwe antchito ena amaona

Pamalo a ntchito chinsinsi sichikhalitsa. Madalaivala, alonda ndi okolopa amaona zambiri, ndipo nthawi zambiri amadziwa nkhaniyo miyezi ingapo isanafike kwa akuluakulu. Nkhaniyo ikadziwika, zinthu zitatu zimasintha.

Choyamba, chiganizo chilichonse cha bwana chimayamba kumveka pawiri. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi, mkulu wa pamalopo ndi amene amatchula mayina a opita ku maphunziro okhala ndi alawansi, olowa nawo kampeni ya katemera, komanso ogwira ntchito usiku ndi pa tchuthi. Antchito akadziwa kuti dzina limodzi linalowa pa mndandanda chifukwa cha chibwenzi, amayamba kufunsa za mayina ena onse, ngakhale omwe anasankhidwa moyenera. Wolimbikira ntchito amaona kuti khama lake silimufikitsa patali. Wamkazi amaona kuti pali njira ina yopezera mwayi, yomwe tsiku lina akhoza kuuzidwa kuti adutsemo.

Khoti lalikulu la m'chigawo cha California ku America linagamula mlandu wotere mu 2005. Mkulu wa ndende ina ya amayi anali pa chibwenzi ndi antchito atatu omwe anali pansi pake, ndipo ankawakondera pa nkhani ya maudindo. Antchito ena awiri aakazi, omwe bwanayo sanawafunsire n'komwe, anakasuma. Khotilo linanena kuti kukondera kotere kukafala pamalo a ntchito kukhoza kukhala nkhanza kwa antchito ena, chifukwa kumapereka uthenga woti akuluakulu amaona akazi ngati zoseweretsa, ndiponso kuti njira yokwerera pa ntchito ndi kugona ndi bwana.

Chachiwiri, bwanayo amataya mphamvu zodzudzula. Sangathe kulanga wachibwenzi wake akachedwa kapena akajomba. Sangathenso kulanga wina aliyense amene akudziwa nkhaniyo, chifukwa amaopa kuululidwa. Akayesa kudzudzula wogulitsa mankhwala a boma kapena wobwera kuntchito ataledzera, wodzudzulidwayo amayankha mumtima kuti nayenso bwana ali ndi zake. Mwambo wa pantchito umalekerera pang'onopang'ono, ndipo zolakwa zomwe sizikhudzana n'komwe ndi kugonana zimapeza pobisala.

Chachitatu, uthenga umasiya kuyenda. Namwino wachitsikana amene amaopa kukhala yekha mu ofesi ya bwana sangapiteko kukanena kuti wodwala wina akuoneka kuti wasintha, kapena kuti iye mwini walakwitsa mlingo wa mankhwala. Amazengereza kuimba foni usiku. Wophunzira amasiya kufunsa mafunso. M'chipatala, kuchedwa kwa uthenga wotere kukhoza kutayitsa moyo wa munthu amene sakudziwa chilichonse cha nkhaniyo.

Mtolo womwe umagwera atsogoleri aakazi

Lipoti la WHO la mu 2019 linaonetsa kuti pa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito za umoyo ndi zosamalira anthu padziko lonse, pafupifupi 70 ndi akazi, koma akazi ali ndi maudindo aakulu pafupifupi 25 okha pa 100 aliwonse. Choncho m'malo ambiri amene amasankha ndi mwamuna, ndipo amene akudikira kusankhidwa ndi mkazi.

Pomwe kugulitsana mwayi ndi kugonana kwadziwika, mkazi aliyense wokwezedwa amalipira nawo ngongole yomwe sanatenge. Anthu amanong'onezana kuti udindowo anaupeza pogona ndi abwana, ndipo malangizo ake amalandiridwa monyinyirika ngakhale ali ndi maphunziro ndi luso loyenera. Amuna ena a khalidwe labwino amayamba kupewa kuphunzitsa kapena kuyenda ndi antchito aakazi poopa kunenedwa, zomwe zimachepetsanso mwayi wa akaziwo.

Udindo pawokha sutchinjiriza mkazi. Mu 2012, Heather McLaughlin, Christopher Uggen ndi Amy Blackstone anapeza kuti ku America akazi oyang'anira anzawo pa ntchito ankakumana ndi nkhanza zokhudza kugonana kuposa akazi opanda udindo. Mu 2020, Olle Folke, Johanna Rickne ndi anzawo anapeza zofanana ku Sweden, America ndi Japan. Ofufuzawa anafotokoza kuti nthawi zambiri gwero la nkhanzazi si chilakolako, koma kufuna kutsitsa mkaziyo ndi kumukumbutsa kuti ngakhale ali pa mpando, ndi mkazi basi. Nthabwala yolaula yonenedwa kwa sisitala woyang'anira wodi pamaso pa antchito ake imagwira ntchito imeneyi. Ikasekereredwa, ulamuliro wake umachepa pamaso pa onse omwe anaimva.

Dandaulo likafika kwa akuluakulu

Lipoti la National Academies lija linapeza kuti chinthu chomwe chimalosera kwambiri kuchuluka kwa nkhanzazi pamalo ndi momwe antchito amaonera kuti bungwe lawo limazilekerera. Antchito amayang'ana zinthu zitatu: ngati wodandaula amamvedwa, ngati amakumana ndi mavuto chifukwa chodandaula, komanso ngati wolakwa amalangidwa, makamaka akakhala munthu wamkulu kapena wofunika. Mayankho a mafunsowa saapeza m'mabuku a malamulo a bungwe. Amaapeza poona zomwe zinachitikira munthu womaliza amene anayesa kulankhula.

Carly Smith ndi Jennifer Freyd anaonetsa mu 2013 kuti anthu ochitidwa nkhanza zogonana amavutika kwambiri m'maganizo ngati bungwe lomwe ankalidalira linalephera kuwateteza, linabisa nkhaniyo, kapena linawalanga chifukwa choulula. Bala lachiwirili limachokera kwa omwe anayenera kuthandiza.

Ku Congo, komiti ija inadzudzula WHO chifukwa cha chizolowezi chokana malipoti a nkhanza omwe sanabwere molembedwa, komanso chifukwa bungweli linaika mtima wonse pa kuthetsa mliri osakonzekera vutoli. Kwa mayi wokolopa yemwe ali pa kontirakiti ya miyezi yochepa, kulemba kalata yodandaula za munthu amene angamuchotse ntchito mawa ndi chinthu chovuta zedi. Kusowa kwa makalata kunaoneka ngati kusowa kwa vuto. Lipotilo litatuluka, Dr Tedros anapepesa kwa ochitidwa nkhanza, bungweli linathetsa makontirakiti a anthu anayi omwe anali akadali pa ntchito, ndipo akuluakulu awiri anatumizidwa ku tchuthi chokakamiza. Patapita mwezi umodzi, European Commission inaimitsa kaye thandizo la ndalama ku mapulogalamu a WHO m'dzikolo.

Nkhani ya bungwe la Oxfam la ku Britain ikuonetsa mtengo wa kubisa. Mu 2011 bungweli linafufuza antchito ake ena ku Haiti omwe ankalipira akazi kuti agone nawo pa nthawi yothandiza anthu okhudzidwa ndi chivomezi cha mu 2010. Mkulu wa bungweli m'dzikomo analoledwa kutula pansi udindo mwakachetechete, ndipo pambuyo pake analembedwa ntchito ndi bungwe lina lachithandizo ku Bangladesh. Nyuzipepala ya The Times itaulula nkhaniyi mu February 2018, wachiwiri kwa mkulu wa Oxfam, Penny Lawrence, anatula pansi udindo, ndipo anthu pafupifupi 7,000 anasiya kupereka ndalama zawo ku bungweli m'masiku 10 okha. Mu June chaka chomwecho boma la Haiti linaletsa nthambi ya ku Britain ya Oxfam kugwira ntchito m'dzikolo. Chomwe chinakwiyitsa anthu kwambiri n'chakuti akuluakulu ankadziwa, koma anasankha kuteteza mbiri ya bungwe.

Kungosamutsa wolakwa kupita naye kumalo ena kuli ndi zotsatira zofanana. Antchito otsala amaphunzira kuti chilango cha khalidweli ndi kusintha malo basi, ndipo omwe akumulandira sadziwa chomwe chawabwerera.

Anthu akumudzi nawonso amaona

Ntchito yoteteza matenda imadalira kuti anthu akhulupirire mawu a achipatala. Mu September 2018, mliri wa Ebola utangoyamba, Patrick Vinck ndi anzake anacheza ndi anthu akuluakulu 961 ku Beni ndi Butembo. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2019 m'magazini ya The Lancet Infectious Diseases, zinaonetsa kuti munthu mmodzi mwa anayi aliwonse ankakhulupirira kuti Ebola kulibe. Anthu omwe sankakhulupirira akuluakulu a boma ndi mabungwe ndi omwenso sankafuna kulandira katemera kapena kupita kuchipatala akadwala. Kusakhulupiriraku kunali ndi mizu yake m'zaka zambiri za nkhondo ndi ndale za m'deralo, ndipo kafukufukuyu sankafunsa za nkhanza zogonana. Phindu lake pa nkhaniyi ndi kuonetsa kuti chikhulupiriro cha anthu ndi chomwe chimatsegula kapena kutseka khomo la katemera. Ntchito yolimbana ndi mliriwu inkachitika pamalo pomwe chikhulupirirocho chinali chochepa kale, ndipo ena mwa oigwira ankachiwononganso ndi khalidwe lawo.

Zimenezi zimakhudza kwambiri anthu ogwira ntchito mongodzipereka. Iwo amakhala m'mudzi momwemo, ndipo ndi nkhope ya chipatala kwa anansi awo. Mphekesera ikamveka yoti amayi amalowa m'gulu la odzipereka kapena pa mndandanda wa kampeni pogona ndi woyang'anira, amuna ena amaletsa akazi awo kutenga nawo mbali, makolo amaletsa ana awo aakazi, ndipo amayi otsalawo amanyozedwa akamayenda khomo ndi khomo. Mtsikana amene wamva kuti wachipatala wina amafunsira odwala sangapite kukatenga njira yolerera kapena kukayezetsa HIV pamalopo. Mfumu ndi komiti ya za umoyo ya m'mudzi zimavutika kuitanira anthu ku msonkhano wa munthu amene mudzi wonse ukumunena.

Zomwe malamulo amanena

Ku Malawi, lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana. Gawo 6 la lamuloli limati ndi mlandu kuchitira munthu zinthu zokhudza kugonana zomwe iye sakuzifuna, kaya ndi mawu, zizindikiro kapena kumugwira, pomwe munthu woganiza bwino akanadziwa kuti mnzakeyo akhumudwa, achita manyazi kapena aopsezedwa. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 komanso kukhala kundende zaka 5. Gawo 7 limafuna kuti olemba anthu ntchito akhale ndi ndondomeko zothana ndi nkhanzazi komanso njira zoperekera madandaulo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa, ndipo mu 2021 linatulutsa lipoti la kafukufuku wake pa madandaulo otere ochokera kwa antchito aakazi a ku Malawi Broadcasting Corporation. Kugwiririra ndi mlandu waukulu womwe uli m'malamulo a milandu ya upandu. Madokotala ndi anamwino amayankhanso ku mabungwe owapatsa ziphaso, omwe ndi Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi.

Padziko lonse, bungwe loona za ntchito la ILO linavomereza pangano nambala 190 mu June 2019, lokhudza nkhanza pamalo a ntchito. Panganoli limateteza olembedwa ntchito pamodzi ndi ogwira ntchito mongodzipereka, ophunzira ntchito komanso ofunsira ntchito. Limawerengeranso zochitika pa maulendo a ntchito, ku maphunziro, panjira yopita ndi kuchokera kuntchito, ndiponso pa mauthenga a pafoni okhudzana ndi ntchito. Malo amenewa ndi omwe nthawi zambiri anthu amaganiza kuti malamulo a ku ofesi safikako.

Zomwe zimateteza ulamuliro wa mtsogoleri

Njira yoyamba ndi kuchotsa mphamvu yosankha m'manja mwa munthu mmodzi. Mayina a opita ku maphunziro, olowa kampeni ndi olembedwa ntchito za kanthawi asankhidwe ndi anthu angapo, amuna ndi akazi, potsata mfundo zodziwika kwa onse, ndipo mndandanda umatidwe poonekera. Pomwe aliyense akudziwa kuti ulendo uno ndi wa uje ndipo wotsatira ndi wa uje, palibe chomwe bwana angagulitse mseri. Njirayi imatetezanso mtsogoleri wosalakwa ku mabodza.

Yachiwiri ndi kukhala ndi makomo angapo operekera dandaulo, ndipo ena mwa iwo asadutse kwa bwana wa wodandaulayo. Dandaulo la pakamwa lilandiridwe ndi kulembedwa ndi wolilandirayo. Mtsogoleri akamva mphekesera mobwerezabwereza za munthu mmodzi, asadikire kalata kuti ayambe kufunsa. Woganiziridwa naye amvedwe mwachilungamo, chifukwa kuweruza mothamanga kumawononganso chikhulupiriro. Pofufuza, amene asunthidwe pa malo kapena pa shifiti asakhale wodandaula, pokhapokha atapempha yekha. Nkhani ikatha, wodandaula auzidwe zotsatira zake.

Yachitatu ndi kuulula chibwenzi chomwe chabuka pakati pa woyang'anira ndi womuyang'anira, kuti wina atenge udindo wosaina ndi kuyesa ntchito ya mnzakeyo. Kwa wodwala ndi wolandira thandizo palibe zokambirana: wachipatala sayenera kumufunsira.

Yachinayi ndi maphunziro oyenera. Frank Dobbin ndi Alexandra Kalev anaunika makampani oposa 800 a ku America pa zaka zoposa 30, ndipo mu 2019 anaonetsa kuti kuphunzitsa oyang'anira momwe angazindikirire vuto ndi kulowererapo kumathandiza kuposa kungowerengera antchito onse mndandanda wa zoletsedwa. Munthu akatengedwa ngati wothandiza kuthetsa vuto amamva msanga kusiyana ndi akatengedwa ngati woganiziridwa.

Antchito ndi odzipereka omwe aona zosayenera alinso ndi gawo lawo. Akhoza kudula nthabwala yolaula osaiseka, kulowa m'chipinda momwe mnzawo wapanikizidwa, kumufunsa pambuyo pake ngati ali bwino, komanso kumuperekeza kokadandaula. Amene zamuchitikira alembe tsiku, nthawi, malo ndi mawu omwe ananenedwa, asunge mauthenga a pafoni, ndipo auzeko munthu mmodzi womukhulupirira. Ngati wagwiriridwa, afike kuchipatala msanga: mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oteteza pakati pangozi amagwira ntchito mpaka masiku 5, koma amathandiza kwambiri akamwedwa msanga. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo zipatala zina zazikulu zili ndi malo a Chikwanekwane komwe thandizo la chipatala, uphungu ndi apolisi limapezeka pamodzi.

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mtsogoleri wa pachipatala kapena wa gulu la odzipereka adzakumana ndi tsiku lomwe dandaulo lidzakhudze mnzake wapamtima, kapena dokotala yekhayo amene malowo akudalira. Antchito onse adzakhala akuyang'ana zomwe achite. Zomwe adzaone tsiku limenelo ndi zomwe adzakumbukire mtsogoleriyo akadzawapempha kugwira ntchito usiku wonse pa nthawi ya kolera, kapena kubwereranso kumudzi komwe anthu anakana katemera.